Mchenga nawo uli ndi eni ake

Amwene, chiikireni chithunzi chija pa sitetasi foni yanga sikupuma. Wina akuti ndibwereke makinawo pa Khirisimasi, wina akuti ndipanga hayala, wina mpaka wanditumizira voisi kuti kwawo kuli mlambe umene Aluya anakwirirapo golide, tipite tikagawane. M'malo moyankha mmodzimmodzi ndati ndilembe pano kamodzi. Ndi yaitali, pepani ndi bando yanu, koma werengani mpaka kumapeto, chifukwa makina mukuwafunawa anatsala pang'ono kundiphetsa.

Anabwera nawo ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali, mu Ogasiti. Tonse timangoti ali ku Joni, koma iye amakhala ku Durban, kunyanja ya mchere. Anzake akutsika basi ndi mabulangete ndi mawayilesi, iye anatsika ndi ndodo yokulunga m'katoni. Kunsi kwake kuli chimbale, pamwamba kabokosi ka mabatire, ndiye pali ndi zoika m'makutu. Akuti kumeneko m'bandakucha, makamaka likangotha tchuthi, umapeza timadala tikuyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa madzi, tikupukusa ndodo zimenezi ngati tikusesa. Anthu akamasambira amagwetsa mphete, ndolo, makiyi, makobili. Iye ataona anati, kwathu kuli mchenga wambiri chonchi, wosasesedwapo chilengedwere, ndalama ikungogona pansi.

Kagwiridwe kake ntchito n'kosavuta. Chimbale chija chimatumiza mphamvu ya maginito pansi. Ikakumana ndi chitsulo, chitsulocho chimabweza, makina n'kulira m'makutu. Msomali umalira mwina, kobili mwina, ndipo ukazolowera umayamba kusiyanitsa. Koma musanamizidwe kuti amaona pansi penipeni. Kobili amaimva ikakhala pafupi, kuya kwake ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Ukafika pa mchenga wakuda uja, umene umamatirira ku maginito, amangolongolola okha ngati woledzera. Ana a padoko anawatcha Galu, poti amanunkhiza pansi, ndipo dzinalo linakhala.

Sabata yoyamba tinasesa doko lathu lonse. Tinapeza zotsekera mabotolo zodzadza chigoba, mbedza zadzimbiri, misomali ya maboti, mapulagi a injini, mabatire a tochi, supuni imodzi. Ndalama zinalipo: ma K5 ndi ma K10 achitsulo osakwana kugula sopo, ndi 1 tambala ya tambala wa nkhuku uja, kuseri kuli nkhope ya Kamuzu. Tsiku lachisanu tinafukula kobili yobowoka pakati, ya njovu ziwiri, yolembedwa Rhodesia and Nyasaland. Nditapita nayo kunyumba madala anasiya kusoka ukonde, n'kuigwira nthawi yaitali. Anati amayi awo ankamangirira yotereyi ku chingwe cha m'chiuno kuti isatayike popita ku chigayo. Ndinaona kuti asangalala. Kenako anandifunsa kuti, "A mfumu akudziwa kuti mukukumba padoko?" Ndinaseka. Ndinati bambo, ndi mchenga basi. Sanayankhe, anangotola singano yawo.

Phunziro loyamba tinalipeza pa loji ina kumwera kwa doko lathu. Tinaganiza kuti mphete zili kumene kumasambira alendo, ndiye tinangodutsira m'madzi n'kuyamba kusesa. Mlonda anabwera ndi chibonga. Msuweni anayamba zake zija, nyanja ndi ya Mulungu, palibe anaipanga. Mlonda, bambo wachikulire wofatsa, anati, "Nyanja ndi ya Mulungu inde, koma maenje mwasiyawo ndi anu. Mwana wa mlendo akathyoka mwendo, ntchito ithera ine." Titacheuka tinaona maenje asanu ndi limodzi, pambali pake tasiya zitini zodula ndi waya zomwe tinafukula tokha n'kuzitaya poyera. Zinali bwino zili pansi. Tinachoka mwamanyazi.

Zoseketsa n'zakuti patapita masabata awiri mlonda yemweyo anabwera kudzatiitana. Mayi wina wa ku Lilongwe anataya mphete ya ukwati posewera mpira ndi ana, ndipo anali atalira tsiku lonse. Nthawi ino tinalowera pageti, manijala akutilandira. Sipanathe ola, Galu analira pafupi ndi mtengo wa ukonde wa mpira. Mayi uja anatipatsa ya thanki yoposa zonse tinatola mwezi wathunthu. Mchenga womwewo, makina omwewo. Kusiyana kwake kunali kwakuti ulendo uno eni malo anali atavomera. Ndikanakhala wanzeru ndikanaphunzirira pomwepo.

Koma mphete ija inatilowetsa dyera. Mukudziwa kuti kuno ku Nkhotakota nthano za chuma chokwirira sizitha. Kuyambira cha m'ma 1840 Jumbe ankasonkhanitsa akapolo ndi minyanga kuno n'kumawolotsa pa ngalawa kupita tsidya, ulendo wa ku Kilwa. Mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 ulipo mpaka lero, ana a sukulu amapita kukauona. Ndiye aliyense ali ndi agogo ake amene ankadziwa pamene Aluya anabisa miphika. Msuweni anamva kwa mkulu wina pa bawo kuti kumpoto kwa doko lathu, pa kathengo kali ndi migwalangwa ndi mango akalekale, pali kanthu. Tinagwirizana kuti tipite kusanache, anthu asatione, angatilande mwayi.

Taonani kupusa kwake. Tinasankha dala nthawi yoti tisaonedwe. Pamenepo mtima unali ukudziwa kale kuti tikulakwa.

Tinafika cha m'ma 4 koloko, mwera ukuwomba, tochi ya foni m'manja. Galu analira mwamphamvu pansi pa mango wina. Tinakumba ndi khasu mpaka kufika m'bondo. Panatuluka chitsulo chozungulira, chadzimbiri, kukula ngati chibangili cha kumwendo, chili ndi mfundo ziwiri za unyolo. M'dothi lomwelo munali timikanda tabuluu ndi mapale. Ndili chigwirire chitsulocho, thupi linachita tsembwe. Sindinaganize za golide ayi. Ndinaganiza za mwendo.

Tisanalankhulane tinamva mkuwo. Mayi wina amene amalawirira kukapikula usipa anationa: amuna awiri mumdima, wina wavala mawaya m'makutu, wagwira ndodo yothwanima, wina ali m'dzenje, ndipo kuseri kwa kathengo kameneko, mapazi osakwana makumi atatu, ndi kumene kumayambira manda akale a mudzi woyandikana nafe. Ife sitinkadziwa kuti manda amafika mpaka pamenepo, poti mitumbira inafafanizika kale. Eni ake ankadziwa.

Amwene, inu mukudziwa dziko lathu. Mukukumbukira 2017, mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu anaphedwa popanda wofunsa kuti dzina lako ndani. Mukudziwanso kuti anthu oipa akhala akufukula manda a abale athu achialubino kufuna mafupa, ndiye mudzi uliwonse uli tcheru, ndipo uyenera kutero. Mphindi zochepa tinali titazingidwa. Zikwanje, nkhafi, miyala. Wina anandimenya khofi la kukhutu, mpaka pano likamazizira limalira. Msuweni ankayesa kufotokoza, Chizulu chikusakanikirana ndi Chichewa, zomwe zinangoipitsa zinthu. Ndinamva wina akuti bweretsani petulo.

Chinatipulumutsa n'chakuti maboti anali akungofika kumene. Mnyamata wina wa m'boti la madala anandizindikira n'kuthamanga. Madala anabwera ali chinyowere, opanda nsapato. Sanakuwe. Analowa pakati, n'kugwada pamaso pa akuluakulu a mudziwo, bambo wa zaka zopitirira 60 kugwada m'matope, n'kunena kuti, "Uyu ndi mwana wanga, uyu ndi mwana wa mlongo wanga. Ndi zitsiru, koma si afiti. Mlandu ndi wanga. Tiyeni kwa a mfumu." Anthu anawamvera chifukwa akhala akuwaona panyanja zaka zonsezi, osamvapo kuti aba ukonde wa munthu. Dzina limene analimanga moyo wawo wonse analiwonongera pa ine m'mawa umodzi.

Kubwalo tinakhala pansi mpaka dzuwa kufika pamutu. A gulupu anatiuza kuti tiyatse Galu anthu aone. Anakwirira kiyi mumchenga, makina n'kulira, anthu ena mpaka kuseka. Koma mlandu sunathere pa kuseka. A mfumu anafunsa funso limodzi: "Munapempha kwa ndani?" Zii. Anati ngakhale adzukulu, amene ntchito yawo ndi kukumba manda, salowa kumanda ndi khasu asanauzidwe ndi mfumu, nanga inu ndinu ndani? Anatigamula mbuzi ndi nkhuku ziwiri, ndiponso kuti tikakwirire dzenje lija akuluakulu akuona. Mbuziyo inachoka m'khola la amayi. Inali yoti igulitsidwe pa fizi ya mlongo wanga wa Fomu 3.

Pobwerera madala sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Titafika pa thandala la usipa anangoti, "Iwe unakulira m'boti. Unandionapo ndikufika padoko la eni n'kuponya ukonde ndisanalonjere mfumu ndi a komiti?" Ndinati ayi. "Laisensi ya ukonde ndimadula chaka ndi chaka. Novembala ndi Disembala akatseka makoka kuti chambo iswane, ndimapachika. Ku Mbenje akatseka chilumba nyengo ya mvula, aliyense amachoka, ndipo akatsegula umatsata malamulo a mfumu Makanjira, mowa sufika kumeneko. Madzi amene sakhala ndi malire ali ndi malamulo chonchi. Iwe umaganiza kuti mtunda, pamene pagona anthu, ndiye palibe?"

Madzulo ake kunabwera aphunzitsi a Histore a ku sekondale ya masana, amene anandiphunzitsa ine. Anaona chitsulo chija kwa a mfumu. Anati chikhoza kukhala cha akapolo, chikhozanso kukhala cha ngalawa, ndipo amene akanatha kusiyanitsa ndi akatswiri akanachipeza chili pamalo pake, n'kuona kuya kwake, dothi lake, ndi zomwe chagona nazo. "Mwachizula ngati chinangwa," anatero. "Chinthu chakale chimalankhula chikadali pomwe chinagona. Mwachitseka pakamwa." Mawu amenewo anandipweteka kuposa khofi lija. Ngati chinalidi pa mwendo wa munthu, munthuyo anali ndi dzina, mwina wa mtundu wathu womwe, ndipo ife tinasokoneza umboni wake wotsiriza pofuna ndalama ya foni yatsopano.

Ndi iwo anandiuza za lamulo, kenako ndinakawerenga ndekha. Malawi ali ndi lamulo la 1990 lotchedwa Monuments and Relics Act. Mwachidule, kukumba pofunafuna zinthu zamakedzana kumafuna chilolezo cha boma cholembedwa, ukazipeza mwangozi uyenera kukanena, ndipo sungazitulutse m'dziko muno popanda chilolezo. Oyang'anira ndi nthambi ya boma yoona za nyumba zosungiramo zakale ndi malo a mbiri. Ndiye chilolezo cha mfumu pachokha sichikwanira ngati malowo ndi a mbiri. Anzathu a ku Cape Maclear, inu ndiye samalani kawiri. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Mu paki sutola kapena kukumba chilichonse mwa iwe wekha, ndipo komweko kuli manda a amishoni a Livingstonia amene anafika mu 1875. A ku Karonga, kwanu kunamenyedwa nkhondo ya Angerezi ndi Majeremani mu Seputembala 1914. Chitsulo cha nkhondo sichoseweretsa ndi khasu.

Msuweni naye pambuyo pake anavomera kuti timadala ta ku Durban tija sitimangosesa paliponse. Ku South Africa kuli lamulo la 1999, National Heritage Resources Act, limene limaletsa ngakhale kungofika ndi makina oterewa pamalo a zamakedzana popanda chilolezo, ndipo sitima iliyonse imene inamira zaka zopitirira 60 zapitazo ndi yotetezedwa. Iye anaona ndodo ndi mphete, malamulo sanawaone, poti malamulo saoneka pa mchenga.

Ku England, kumene masewerawa ali ndi anthu ambiri, nkhani yake ndi yomweyo. Munda uliwonse umayamba wapempha mwini wake. Mapaki a m'tauni amayendera malamulo a khonsolo, ndipo makhonsolo ambiri salola. M'mphepete mwa mtsinje wa Thames mu London sufufuza popanda pemiti ya Port of London Authority. Lamulo lawo la 1996, Treasure Act, limati ukapeza chinthu cha golide kapena siliva cha zaka zopitirira 300, ukanene pasanathe masiku 14. Mu 2009 bambo wina, Terry Herbert, anapeza golide wopitirira makilogalamu 5 m'munda wa mlimi Fred Johnson ku Staffordshire. Anali atapempha, ndipo anakanena. Chumacho anachiwerengera mapaundi opitirira 3 miliyoni, awiriwo n'kugawana pakati, zinthuzo n'kupita ku myuziyamu kumene aliyense amakaziona. Mu 2015 amuna ena awiri anapeza chuma chakale ku Herefordshire, iwo n'kubisa, kumagulitsa mwakachetechete. Mu 2019 khoti linawagamula, wina zaka 10, wina zaka 8 ndi theka. Mwayi unali umodzi, anasiyana pa kufunsa ndi kunena.

Ndisabise, mayesero anabweranso. Patangopita masiku atatu munthu wina amene sindimudziwa anandiimbira, sindikudziwa anaitenga kuti nambala. Anati wamva za chitsulo chija, ali ndi bwana amene amagula zakale, ndikachitenge kwa a mfumu mwanzeru. Ndalama anatchulayo inali yokwana kubweza mbuzi ya amayi n'kutsalako. Usiku umenewo sindinagone. Mlongo wanga anali atabwezedwa kale kusukulu kamodzi. Koma ndinkati ndikatseka maso ndinkaona madala atagwada m'matope. M'mawa ndinawauza aphunzitsi, nambala ija n'kuibuloka. Chitsulo ndi mikanda zili kwa a gulupu, aphunzitsi anajambula n'kulemba kalata yopita ku ofesi ya DC. Fizi ndikubweza ndi thukuta: mwezi uno ndikulowa m'boti usiku uliwonse, gawo langa likupita kwa amayi.

Sindikunena kuti makinawa ndi oipa. Padoko pathu achotsa mbedza ndi misomali zomwe zikanabaya ana. Apezera anthu makiyi a njinga zamoto, ndipo sabata yatha tinapeza sipanala ya injini imene inasowa chaka chatha. A komiti ya padoko anatipempha okha kuti Loweruka lililonse tizisesa pamene amayi amachapira. Ndi ntchito yabwino, ndipo imakoma. Kamtima kaja kamagunda makina akalira, ngati nsomba yagwira nyambo.

Ndiye amene mukufuna kubwereka, mvetsani mmene zikuyendera tsopano. Muyambe mwadziwa kuti malowo ndi a ndani. Ngati ndi doko kapena gombe la mudzi, pitani kwa a mfumu ndi a komiti, muwaonetse makinawo, muwayatse iwo akuona. Ngati ndi loji kapena munda wa munthu, mwini wake avomere, ndipo mugwirizane zisanapezeke kuti chikapezeka chikhala cha ndani. Ngati n'kotheka alembe, ngakhale pa WhatsApp pomwe pano. Bwalo la khonsolo, la sukulu kapena la mpingo lili ndi ofesi yake, kagogodeni. Mu paki, pamalo a mbiri, ndi paliponse pafupi ndi manda, kachisi kapena dambwe, musayerekeze. Mufunse akuluakulu kuti manda akale amalekezera pati, chifukwa maso anu sangakuuzeni.

Yendani masana, anthu akuona. Dzenje lililonse kwirirani, zinyalala zomwe mwafukula nyamulani. Mphete, foni kapena chikwama mukatola, mwini wake alipo ndipo akuchifuna, kasiyeni kwa a mfumu, kwa eni loji kapena kupolisi. Mukagunda chinthu chooneka chakale, mapale, mikanda, unyolo, makamaka fupa, imani pomwepo. Osachizula. Jambulani, bwezeranipo dothi, kanene. Ndipo wina akakuimbirani kuti ali ndi bwana wogula zakale, dziwani kuti akagwidwa iye sadzakutchulani ngati mnzake, adzakutchulani ngati wakuba.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya langa, ndipo linawawira anthu amene sanalakwe: amayi anataya mbuzi, mlongo wanga anataya sabata ya sukulu, madala anagwada.

Msuweni anabwerera ku Durban mwezi watha, Galu anamusiya. Koma sakhala kwa ine. Ali kuchipinda kwa madala, pamodzi ndi injini ndi nyali za usipa. Kobili yobowoka ija anaimangirira ku kiyi wa chipindacho. Ndiye amene ukufuna kubwereka, usandiimbire ine. Bwera kunyumba madzulo asanalowe m'madzi, ukhale pansi, uwalonjere, uwauze kumene ukupita ndi amene wakuloleza. Akakhutira akupatsa, mabatire ugule wekha.

Tumizaniko kwa anzathu a ku Senga Bay, ku Chipoka, ku Makanjira ndi ku Nkhata Bay, makamaka amene abale awo akubwera ku Joni mwezi wa mawa ndi makatoni aatali.